Ndulu ya Ng'ona pa Chitsime cha pa Msikizi

KOMITI YA CHITSIME CHA PA MSIKIZI, KAKUMBI
Zolembedwa za msonkhano wapadera

Tsiku: Loweruka, 15 Malichi 1969
Malo: M'kalasi ya Giredi 3, popeza pansi pa mtengo wa msikizi pakadali matope
Nthawi: Unayenera kuyamba 2 koloko masana, koma unayamba Wapampando atafika

OPEZEKA
Bambo Harris Chulu, Wapampando
Bambo Abraham Zimba, Wachiwiri kwa Wapampando, mkulu wa mpingo
Mayi Tabeth Mvula, Mlembi, mphunzitsi
Mayi Anastasia Njobvu, membala
Bambo Silas Sakala, membala, msodzi
Mayi Gladys Mumba, membala woimira mabanja a pakampu ya magemu gadi, alonda a nyama zakutchire

WOITANIDWA
Bambo Langford Kamanga, mthandizi wa dokotala pa kachipatala kathu

OSAPEZEKA
Bambo Jairos Malunga, Msungichuma. Anatumiza mawu kuti njovu zalowa m'chimanga chawo ndipo sangachoke kumunda.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando analonjera membala aliyense pomutchula dzina, koma Mayi Mumba anawadumpha. Mayi Mumba anayankhabe mokweza kuti aswera bwino, kaya a Chulu. Mayi Mumbawo anakhala okha pabenchi yokwana anthu anayi, mwana wawo Florence ali kumbuyo, pamene mamembala ena anapanikizana pabenchi ina. Mlembi anakoka tebulo lake nakakhala mbali ya Mayi Mumba chifukwa kumeneko kunali kowala bwino, ndiponso chifukwa anafuna kutero.

Bambo Zimba anatsegula ndi pemphero. Pempheroli linali lalitali ndipo linatchula kangapo za mdani wokhala pakati pathu. Mlembi sanalilembe, chifukwa zambiri za m'menemo zinayenera kudikira mfundo 3.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga, ndipo zinavomerezedwa. Anakumbutsa komiti kuti mu Febuluwale inagwirizana zokapa chitsime, chifukwa madzi osefukira ochokera kudambo kumene mvuu zimadyera anakwera mpaka kulowa pakamwa pa chitsimecho. Anafunsa ngati ntchitoyo inachitika, ngakhale yankho analidziwa kale, poti khomo la nyumba yake limayang'ana kuchitsime.

Wapampando anati chingwe chotsikira m'chitsime chinabwerekedwa ndipo sichinabwerere. Atafunsidwa amene anabwereka, anati afufuza. Bambo Zimba anati amuna onse atanganidwa ndi kuingitsa njovu m'minda. Wapampando anagamula kuti nkhani yokapa ipite ku zina ndi zina, pakuti lero kuli nkhani yaikulu kuposa matope.

3. DANDAULO LA NDULU YA NG'ONA

Wapampando anafotokoza chiyambi cha nkhani, ndipo Mlembi waiika mwachidule kuti odzawerenga m'tsogolo asadzasokonezeke.

Mwezi watha, masiku amene chitsime chinali chomira, amayi anabwerera kukatunga padooko la mtsinje wa Luangwa. Kumeneko ng'ona inagwira Mayi Susan Sakala, akazi a Bambo Silas Sakala. Gemu gadi Josiah Mumba, amuna a Mayi Gladys Mumba, anatumidwa ndi akuluakulu awo nakaiwombera. Mwambo wa kuno ndi wakuti ng'ona ikaphedwa imatumbulidwa poyera akuluakulu a mudzi akuona, ndulu yake nkuponyedwa pakuya pa mtsinje, kuti wina asaibise m'nyumba, chifukwa anthu amati kadontho kake kokha kangathe mudzi. Ng'ona iyi sinatumbulidwe poyera. Inakwezedwa yathunthu pa thirakitala nikasendedwa kuseri kwa mpanda wa kampu, chifukwa chikopa ndi cha boma. Palibe munthu wa m'mudzi amene anaona kumene ndulu inapita.

Chitsime chitayambanso kutungidwa, ana ndi akulu omwe anayamba kutsegula m'mimba, ndipo zotuluka zinali zobiriwira. Wodwalitsitsa ndi Hosea, mwana wa Bambo Sakala, wosakwana zaka ziwiri, amene wagonekedwa kuchipatala. Chichitikireni maliro a mayi ake, amene akhala akumuphikira phala m'mawa uliwonse ndi Mayi Mumba.

Wapampando anati iwo sakutchula munthu. Ponena izi anali akuyang'ana munthu mmodzi.

Mayi Njobvu anapempha kuti mawu awo alembedwe monga awanenera. Anati: "Ine ndakula ndikutumbula nkhuku ndi nsomba. Ndulu ndimaidziwa, sindichita kuuzidwa. Zimene ndinaona m'thewera la mdzukulu wanga ndi ndulu. Tsono inalowa bwanji m'mimba mwa mwana ngati sanachite kumwetsedwa?" Anawonjezera kuti tsiku lotsatira kuphedwa kwa ng'ona anaona Mayi Mumba akuchapa yunifolomu ya amuna awo, ndipo madzi otsukuluzira anali obiriwira.

Mlembi anakumbutsa msonkhano kuti yunifolomu ya magemu gadi ndi yobiriwira chichokereni ku sitolo, ndipo imasuluka. Wapampando anati ntchito ya Mlembi ndi kulemba, osati kuchitira umboni. Mlembi walemba zonse ziwiri.

Bambo Zimba anapereka ganizo lakuti Mayi Mumba aletsedwe kutunga pachitsime, asakhudze unyolo, ndowa kapena chopukusira, kufikira ndulu itaoneka. Mayi Njobvu anagwirizana nalo. Wapampando anafunsa Bambo Sakala ngati ali ndi mawu, popeza mwana wogonekedwayo ndi wawo. Bambo Sakala anati alibe.

4. KUFOTOKOZA KWA BAMBO KAMANGA

Wapampando anafunsa amene anaitana a kuchipatala. Mlembi anati ndi iye, malinga ndi malamulo a komiti amene amalola kuitana munthu wodziwa pa nkhani ya matenda. Wapampando anati lamulo limenelo sakulikumbuka, koma mlendo akafika sabwezedwa, alankhule mwachidule.

Bambo Kamanga anayamba m'Chingerezi ndipo anapemphedwa kuti atsike, alankhule chilankhulo chathu. Atatsika anati Mayi Njobvu akunena zoona, zimene anaona m'thewera ndi ndulu. Bambo Zimba anaomba m'manja. Wapampando anathokoza Bambo Kamanga nati akhoza kukhala pansi. Bambo Kamanga sanakhale. Anati: "Sindinathe, a Wapampando. Ndi ndulu, inde, koma ndi ya mwana mwiniyo."

Anatenga choko najambula pabolodi chinthu chimene anati ndi m'mimba mwa munthu. Mlembi, amene amaphunzitsa kujambula m'kalasi lomweli, sanenapo kanthu. Zimene Bambo Kamanga anafotokoza ndi izi. Munthu aliyense ali ndi ndulu yake, yopangidwa ndi chiwindi ndi kusungidwa m'kathumba. Akadya, makamaka zamafuta, ndulu imatsanuliridwa m'matumbo aang'ono kuti iphwanye mafutawo, monga sopo achitira ndi mbale yodyera nyama ya mvuu. Ikagwira ntchito yake, yambiri thupi limaitenganso kubwerera nayo kuchiwindi. Yotsala imatsikira m'matumbo aakulu, mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, timene pa kosi yawo anaphunzira kuti ndi mabakiteriya. Tizilombo timeneti timaigwira ndulu ija, nkuiduladula, nkuisandutsa ya mtundu wina, ndipo mtundu wake wobiriwira timausinthanso kukhala woderako, umene tonse timaudziwa. Koma m'mimba mukatsegula, zonse zimathamanga, ndulu nkutuluka tizilombo tisanaigwire ntchito. Ndiye kubiriwira kumene anthu akuona.

Bambo Zimba anati akudabwa. Zaka zonsezi a kuchipatala akhala akulalikira kuti tizilombo timapha, wiritsani madzi, sambani m'manja, lero akuti tiziweta tizilombo m'mimba. Bambo Kamanga anati tilipo toipa tolowa ndi madzi akuda, tiliponso tapakhomo timene munthu amakhala nato kuyambira ukhanda, ndipo popanda ito palibe amene angakhale bwino m'mimba.

Bambo Zimba anati ationetse. Bambo Kamanga anati makina oonera tinthu tating'ono anapita kuboma kukakonzedwa chaka chatha ndipo sanabwerere. Bambo Zimba anati ndiye kuti komiti ikuuzidwa kukhulupirira zosaoneka. Bambo Kamanga anati sanayembekezere kumva mawu otere kuchokera kwa mkulu wa mpingo. Wapampando analamula kuti amene akuseka pazenera achoke, pakuti pamazenera onse panali patadzaza anthu. Palibe anachoka.

Bambo Kamanga anafunsa Mayi Njobvu kuti akamakonza matumbo a mbuzi, za kumtunda pafupi ndi chifu zimaoneka bwanji, nanga za kumunsi zimaoneka bwanji. Mayi Njobvu anati za kumtunda ndi zachikasu mobiriwira ndiponso zowawa, za kumunsi ndi zakuda. Bambo Kamanga anafunsa amene amazisintha panjira. Mayi Njobvu anati mdzukulu wawo si mbuzi.

Apa Wapampando anati iwo anatumbula njovu zambiri pa ntchito yochepetsa nyama, ndipo njovu ilibe kathumba ka ndulu, tsono phunziro la a Kamanga likugwa. Bambo Kamanga anavomera kuti kathumba ilibe, koma chiwindi chake chimatulutsabe ndulu yopita m'matumbo. Wapampando anafotokoza za njovu zina zimene anatumbula, malo ake ndi kukula kwake. Nkhani ya njovu inatenga nthawi yaitali ndipo sinakhudze chitsime, choncho Mlembi waisiya.

Bambo Kamanga anafunsa kuti ndi angati amwetsa ana makapisozi ofiira ndi achikasu amene madalaivala a malole amagulitsa pamsewu. Palibe anaimika dzanja, ndipo ambiri anayang'ana kudenga. Bambo Kamanga anati makapisozi amenewa, akamwedwa mwachisawawa, amapha tizilombo toipa ndi tapakhomo tomwe, ndulu nkusowa woigwira ntchito, mwana nkupitirira kutsegula m'mimba. Anati Hosea anafika kuchipatala atamwetsedwa kale ndi achibale omufunira zabwino.

Bambo Zimba anafunsa mwachindunji ngati Bambo Kamanga akukana kuti ndulu ya ng'ona imapha. Bambo Kamanga anati sanaiyesepo ndipo sanama pamaso pa komiti. Chimene akudziwa ndi chakuti kubiriwira kwa thewera si umboni wa ng'ona, chifukwa anakuonapo kwa ana a m'tauni amene ng'ona amaidziwira pachithunzi. Bambo Zimba anati Mlembi alembe kuti a kuchipatala sakudziwa. Mlembi walemba, ndipo walembanso zotsalazo zimene Bambo Zimba sanapemphe.

Pomaliza Bambo Kamanga anati iwo akukayikira chitsime chosakapidwacho, popeza odwala ali ngakhale m'nyumba zimene sizinalawepo chakudya cha Mayi Mumba. Mayi Njobvu anati zimenezo zikungosonyeza kuti ndulu inathiridwa m'chitsime momwemo. Bambo Kamanga anaika choko patebulo nakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

5. YANKHO LA MAYI MUMBA

Wapampando anati Mayi Mumba ayankhe ali chikhalire. Iwo anaimirira.

Anati kwawo ku Mpika mwambo wa ndulu ya ng'ona amaudziwanso, si wa kuno kokha. Amuna awo anapempha kuti akuluakulu a mudzi aitanidwe, koma anauzidwa kuti chikopa chiwonongeka ndi dzuwa. Zam'kati zonse, ndulu yomwe, zinatayidwa m'dzenje la pakampu, kuthiridwa dizilo ndi kutenthedwa. Bambo Zimba anafunsa amene anaona. Mayi Mumba anati anaona ndi magemu gadi, amene komiti yanena kale kuti siwawerengera ngati mboni. Mayi Mumba anafunsanso chifukwa chake msonkhano waitanidwa sabata imene amuna awo ali kuthengo pa patrolo.

Kenaka anamasula kamtolo kamene anabwera nako, natulutsa thewera la Florence, naliyala patebulo la Wapampando. Linali lobiriwira. Wapampando anakankhira mpando wawo kumbuyo nalamula kuti lichotsedwe. Mayi Mumba anati likhale pomwepo mpaka aliyense alione bwino, popeza matewera a ana a eni mudzi akhala akuyendetsedwa nyumba ndi nyumba ngati umboni, ndipo la mwana wawo palibe anabwera kudzalifunsa.

Bambo Zimba anati wothira mankhwala amadziwa kulawitsako a m'nyumba mwake kuti asaganiziridwe. Mayi Mumba anayankha motere, ndipo Mlembi walemba liwu ndi liwu:

"Ndiye kuti mwana wanga akadwala, ndine. Akapanda kudwala, ndinenso. Ndiuzeni, a Zimba, Florence achite chiyani kuti ine ndikhale munthu? Miyala ya chitsime ichi ndinasenza nawo, ndili ndi pakati pa mwana yemweyu. Nthawi imeneyo simunati ndine mlendo. Maliro a Susan atatha, nonse munabwerera kwanu, mwana akulira pakhonde, bambo ake atangokhala chete ngati nawonso afa. Ndani wa inu anabwera ndi kambale ka phala? Ndinabwera ndine. Lero kambale komweko mwakasandutsa mlandu. Sindipepesa, chifukwa palibe chimene ndalakwa, ndipo pachitsime sindichoka."

Wapampando anati alankhule moyang'ana kumpando. Mayi Mumba anatembenukira kwa Bambo Sakala nati: "A Sakala, tandiyang'anani. Inu mukuti ndinamuthirira mwana wanu?" Bambo Sakala sanadzutse mutu. Anati sakudziwa. Anati chimene akudziwa ndi chakuti akazi awo anawaika m'manda mwezi watha, ndipo mwana wawo maso alowa m'kati.

Mlembi alembe pano kuti zinamuwawa, ndipo wolakwa pa awiriwa sanamuone.

6. CHIGAMULO

Wapampando anapempha Mayi Mumba kuti atuluke pa nthawi yovota. Iwo anakana, nati akufuna kuona manja ndi maso awo, kuti asadzachite kumva kwa anthu. Anavomera kusavota, popeza nkhani ndi yawo.

Ovomereza ganizo la Bambo Zimba: Bambo Zimba, Mayi Njobvu, Wapampando, ndi Bambo Sakala, amene dzanja lawo linakwera pomalizira ndipo silinapitirire phewa.

Okana: Mlembi. Bambo Kamanga anaimikanso dzanja, nakumbutsidwa kuti si membala. Analisiya m'mwamba mpaka kuwerenga kunatha.

Chigamulo: Mayi Gladys Mumba aletsedwa kutunga pa Chitsime cha pa Msikizi kuyambira mawa, kufikira ndulu ya ng'ona itaoneka. Mlembi anafunsa kuti ndulu yotenthedwa ndi dizilo idzaoneka bwanji. Wapampando anati imeneyo si nkhani ya komiti.

7. KAKWANIRITSIDWE KA CHIGAMULO

Mlembi anati zolembedwa ziyenera kuonetsa kumene banja la a Mumba lizitunga madzi, popeza pakampu palibe chitsime china, ndipo mwana wotsegula m'mimba amafuna madzi ambiri akumwa ndi ochapira. Wapampando anayankha kuti: "Luangwa sanaphwe. Dooko lilipo."

Mlembi analemba mawuwa nawawerenga mokweza kuti atsimikize kuti wamva bwino. Wapampando anati mawuwo afufutidwe, anangowanena pocheza. Mlembi anati pamsonkhano palibe kucheza, ndipo zimene zanenedwa kumpando safufuta. Wapampando anati Mlembi akumbuke kuti udindo wake ndi wochita kupatsidwa. Mlembi anati akukumbuka, ndipo tsiku limene adzalandidwe buku adzalipereka mawuwo ali momwemo.

Bambo Sakala anapempha kuti mawu aja awerengedwenso. Mlembi anawerenganso.

Wapampando anati msonkhano upitirire, nafunsa amene aziima pachitsime m'mawa kuti abweze Mayi Mumba akabwera. Bambo Zimba anati mawa ndi Lamulungu, ali ndi mapemphero, ndipo masiku ena amalawirira kumunda. Mayi Njobvu anati iwo bondo likuwavuta, ndiponso ntchito yobweza munthu ndi ya amuna. Wapampando anati iwo ndi Wapampando. Kenaka Bambo Sakala anaimirira, ndipo Wapampando anasangalala nauza Mlembi kuti alembe dzina lawo. Bambo Sakala anati Mlembi ayambe wadikira. Anati:

"Ine za tizilombo ta a Kamanga sindinazimvetse. Za ndulu sindikudziwa. Dzanja ndinaimika, munaona nonse, chifukwa ndili ndi mantha, ndipo mantha ndikadali nawo. Koma padooko paja ndowa ya Susan ndinakaitola ndine. Inali chiimire pamchenga, madzi ali theka. Zimene zinatsala za mkazi wanga ndinazinyamula ndine m'chitenje. Chitsime ichi tinakumba kuti pasadzapitenso mzimayi kumeneko. Tsono inu a Chulu mukuti dooko lilipo? Ine ndikadali moyo palibe mzimayi atsikire kumeneko ndi ndowa, kaya ndi wolakwa kaya si wolakwa. Mawa ndikaima pachitsime, ndipo madzi a amake Florence ndikatunga ndine. Mukafuna mundichotse mu komiti."

Wapampando anati Bambo Sakala avota kale ndipo voti sibwezedwa. Bambo Sakala anati sakubweza voti, akungonena zimene achite mawa.

Mayi Mumba anathokoza Bambo Sakala koma anakana. Anati iwo si wodwala khate kuti azichita kutungiridwa ataima patali. Chopukusira akapukusa okha ndi manja awo, sikisi koloko monga mwa masiku onse, ndipo amene akufuna kuwagwira dzanja abwere adzawagwire anthu akuona. Anawonjezera kuti phala la Hosea aphika mawa monga kale, ndi madzi owiritsa monga anenera a Kamanga. Mwini mwana akafuna akalitaye, koma iwo saleka kuphika chifukwa cha msonkhano.

Bambo Sakala anati ngati ndi choncho iwo akangoima pambali, ndipo wofuna kugwira dzanja la Mayi Mumba ayambe wadutsa pa iwo. Za phala sanayankhe.

Wapampando anati chigamulo chilipobe ndipo chilembedwe kuti chilipo. Chalembedwa. Anafunsanso kachiwiri ndi kachitatu dzina la wokaima pachitsime kubweza Mayi Mumba, anafunsanso ndi a pazenera omwe.

Wokaima pachitsime kubweza Mayi Mumba: palibe.

8. ZINA NDI ZINA

(a) Kukapa chitsime. Wapampando anati nthawi yatha, nkhaniyi idikire msonkhano wa mwezi wamawa. Mlembi anadziwitsa komiti kuti iye, Bambo Kamanga ndi Mayi Mumba ayamba kukapa Lolemba ana akaweruka, ndi chingwe cha pakampu. Wapampando anati komiti sinavomereze, ndipo munthu woletsedwa kutunga sangakape. Mlembi anati sakupempha chilolezo, akungodziwitsa. Mayi Njobvu anati ngati kuli kukapa iwo abwera kudzayang'anira kuti wina asaponyemo kanthu, ndipo poti abwera kale, abwera ndi ndowa yawo.

(b) Bambo Kamanga anapempha kuti madzi akumwa aziwiritsidwa m'nyumba zonse, ana odwala azimwetsedwa pafupipafupi ngakhale akusanza, ndipo makapisozi a pamsewu alekedwe. Palibe anatsutsa. Palibenso analonjeza.

(c) Wapampando anapempha kuti thewera lichoke patebulo. Mayi Mumba analipinda nalibwezera m'kamtolo.

9. KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 12 Epulo 1969, pansi pa msikizi ngati padzakhale pouma. Bambo Zimba anatseka ndi pemphero lalifupi losatchula mdani. Msonkhano unatha 5 koloko madzulo.

CHOWONJEZERA CHA MLEMBI, LAMULUNGU 16 MALICHI

Popeza chigamulo cha pa mfundo 6 chinayenera kuyamba lero, Mlembi aika pano zimene waona ali pakhomo pake.

Bambo Sakala anafika pachitsime kusanache bwino, nkhafi ili m'manja, naima pambali pa msikizi. Mayi Mumba anafika ndi ndowa pamutu ndi kambale kovundikira m'manja. Amayi amene anali pamzere anapatuka. Mayi Mumba anaika kambale pamwala, nagwira chopukusira, natunga okha, osafulumira. Wapampando anaonekera panjira ya kusitolo, anaima, nabwerera. Palibe anagwira dzanja la munthu.

Atadzaza ndowa, Mayi Mumba anatola kambale kaja nakapereka kwa Bambo Sakala. Bambo Sakala anatsamiritsa nkhafi pamtengo, nakalandira ndi manja awiri. Anavundukula, nayang'ana phalalo nthawi yaitali. Kenaka anatapa supuni yoyamba nadya iwo eni, anthu onse akuona. Anaima pomwepo kanthawi, akudikira kuti aone ngati phalalo liwachite kanthu. Atatero anavundikiranso kambale nalowera njira ya kuchipatala, nkhafi ataiiwala pamsikizi.

Wapampando: ..............................
(Wakana kusaina mpaka mawu awo a pa mfundo 7 atafufutidwa. Sanafufutidwe.)

Mlembi: Tabeth Mvula